Mwala wa Pakhomo

Bambo anafika kwathu mumzinda wa Zagreb ndi sutikesi imodzi, botolo la viniga wopanga okha, ndi mwala. Nyumba yakumudzi, kumapiri a ku Dalmatia, tinali titaigulitsa chifukwa miyendo yawo inali itatopa nawo mapiriwo. Mwalawo, wokwana m'dzanja, anaugumula pakhomo, pamene malemu amayi ankakhala poyanika nkhuyu. Unali woyera, wosalala mbali imodzi chifukwa chokhalidwa.

Sutikesi sanamasule. Anaiimika kuseri kwa chitseko, nati, "Mwala ukapeza malo, inenso ndimasula." Ndinayesa pawindo, anakana. Pashelefu, anati mwala si chikho. Ndinkapsa mtima, koma pansi pa mtimapo panali mantha, pakuti bambo anga ndimawadziwa. Tsiku lina akanangokwera basi kubwerera kumudzi kumene kulibenso khomo lawo.

Malo okhawo amene anawakonda m'nyumba monse anali pampando woyang'anana ndi thanki yagalasi ya nsomba ya mwamuna wanga Zvonko. Munali tinsomba tofiira ndi tobiriwira, tosaposa chala. Zvonko amayeza madzi a tinsombato mosamala kuposa mmene amayezera mawu akamalankhula nane. Masana dzuwa likalowa m'galasimo, kuwala kunkagwedezeka padenga, ndipo bambo ankayang'ana mpaka maso kulemera. Ankati udzu wa m'madzimo ukuweyuka ngati azitona a kumunda kwathu, tinsombato ndi anamzeze, ndipo kuseri kwa chitsa chakudacho kuli njira yopita kuchitsime. Nditakhala nawo nthawi yaitali ndinayamba kuiona njirayo inenso.

Lamlungu lina titadya bambo analoza thankiyo nati, "Akamwini, mudziwu ulibe khomo. Mwala ulowe umu."

Zvonko anayankha kuti, "Apongozi, mwala sulowa m'madzi a nsomba usanayesedwe."

"Kuyesedwa? Wapalamula chiyani? Ife tamwa madzi a pamwala umenewu chibadwire, ndipo onani, ine ndili pano."

"Inu si nsomba, apongozi."

"Ndi inu amene mukundiuza zimenezo? Dubravka, bweretsa viniga wanga. Wa m'sitolo uja ndi madzi otsukira mbale."

Ndinaika mwala pambale. Zvonko anafotokoza kuti ukachita thovu ndiye kuti uli ndi laimu, ndipo laimuyo amasungunuka pang'onopang'ono m'madzi mpaka tinsomba totere timalephera kupirira. Ndinamuponda phazi pansi pa tebulo. Kwathu kuja kuli mwala uti wopanda laimu? Makoma, tchalitchi, manda, zonse n'zomwezo. Koma bambo anali atakhulupirira kale kuti mwala wa pakhomo pawo sungapweteke kanthu.

Anathira okha. Kadontho kanakhala phee, kenaka tithovu tinayamba kutumphuka, tating'ono, toyera, tikulira kuti siii. Fungo la viniga linadzaza m'chipinda, fungo la mosungira vinyo kwathu. Bambo anaweramitsa khutu natsinzina.

"Nyenje," ananong'ona. "Ukuzimva, Dubravka? Ndi masana a mu Ogasiti. Amayi ako ali pakhomo."

Ndinazimva. Tinamvetsera mpaka nyenjezo zinaleka, pamwala patatsala kabanga konyowa.

Bambo anaupukuta ndi mpango wawo, mofatsa. "Mundithire inenso kadontho, akamwini, muone. Tonse akumeneko ndife a laimu. Tikukuwonongerani madzi." Anauika m'thumba la jekete, nadzuka kulunjika kuseri kwa chitseko. Mtima wanga unasweka.

Zvonko anayang'ana tinsomba take nthawi yaitali. Kenaka anatenga kaukonde ndi ndowa.

"Dubravka, kafunse a Ljerka a nyumba yapansipa ngati thanki yawo ya nsomba ili ndi malo."

"Mukutani kodi?" anafunsa bambo.

"Ziliko nsomba zokonda laimu, apongozi. Si zokongola kwenikweni, ndiponso n'zamakani. Mugwirizana."

Madzulo asanafike m'thankimo munatsala udzu, chitsa ndi mwala woyera, uli pomwe imayambira njira yakuchitsime. Zvonko anali pakhonde, akuyang'ana tinsomba take m'ndowa, ndipo sindinamuyankhulitse. Ndili m'khichini ndinamva zipi ya sutikesi ikutseguka.

"Dubravka," anaitana bambo, "malaya mumakoleka pati kuno?"