Nyumba Imene Gilbert Sanamange

Zaka khumi ndi chimodzi zinali zitatha Gilbert Kankhande asanamange nyumba pamudzi pa apongozi ake, ndipo aNangondo ankauza aliyense wowagula mpunga pa Golomoti. Munthuyo anatsika kumapiri a Dedza ndi kachikwama kamodzi, nakwatira mwana wawo Josephine, nalonjeza pamaso pa ankhoswe kuti amanga pomwe amulozere. Anamulozera. Anakumba maziko, basi n'kulowa ndale. Adzukulu atatu anakulira m'nyumba ya lendi, ndipo aNangondo ankaona kuti mbumba yawo ikuwapulumuka m'manja.

Ndalezo zinamuyanja. Anayambitsa Gulu la Akuchigwa, loti Mua, Golomoti ndi Mtakataka zichoke pansi pa Dedza zikhale boma pazokha. Ankati ngakhale ku Ulaya, kudziko la Belgium, kuli anthu a chigawo china amene atopa n'kulimira anzawo. Anthu ankaomba m'manja, poti kukwera msewu wokhotakhota wopita ku Dedza kukangodinditsa kalata kunali kutawakwana. Ukhansala anapambana kawiri. Tsopano ankafuna uphungu.

Apa m'pamene opikisana naye anayamba kufunsa pamisonkhano kuti wonyoza akumapiriyu mchombo wake unakwiriridwa kuti, nanga kuchigwa kuno khomo lake ndi liti.

Lachitatu masana galimoto inaima pabwalo pa aNangondo. Gilbert anakakhala kuseri kwa nkhokwe, poti mkamwini sapenyana ndi apongozi, ndipo Josephine ndiye ankanyamula mawu uku ndi uku. Pempho linali loti Loweruka aNangondo akakwere pansanja, akauze anthu kuti Gilbert ndi mwana wa pano. Anawabweretsera nsalu ya gulu yoti akavale.

ANangondo anaitambasula, naipinda msangamsanga. Panali nkhope ya Gilbert, kumwetulira mano onse pamtunda.

"Munthu sindinamuyang'anepo m'maso chikwatirire, lero ndimukhalire pankhope? Kawafunse bambo a khansalawo ngati kusukulu anaphunzira zimenezo."

Josephine anapita, nabwera ndi mawu oti nsaluyo aisiye, koma kumsonkhano apite. Chisankho chikatha atumiza amisiri ndi malata. ANangondo anati za chisankho chikatha anazimva kale kawiri. Iwo bodza pagulu sakanena. Mwana wa pano amakhala ndi khomo pano. Avule nsapato lero lomwe, aponde dothi la njerwa mpaka dzuwa lipendeke, mawa ndi mkuja abwerenso, ndipo Loweruka iwo akwera pansanjapo n'kulankhula mpaka anthu atope.

Josephine anabweranso. Akuti nthawi palibe, misonkhano yatsala isanu ndi inayi. ANangondo anatsitsa: masiku awiri okha, njerwa chikwi, zotsalazo amisiri. Josephine anapitanso, nakhalitsa. Kuseriko kunkamveka kunong'onezana kokangana.

Kenako Gilbert analankhula yekha, osatumanso mkazi wake, mawu akudutsa pansi pa nkhokwe.

"Amayi, ndisakunamizeni. Pano sindimanga. Ndikapambana, banja likukakhala ku Lilongwe."

Chiyambire, aka kanali koyamba aNangondo kumumva akunena zoona. Anapereka nsalu ija kwa Josephine.

"Uwauze kuti ndamva. Loweruka ndi tsiku langa lothirira mpunga ku Bwanje."