Foni ya ku Randburg

"Ndiuze m'Chichewa, Chizungu chakocho usiye," anatero mayi Agnesi akupinda bulangete lomwe kasitomala anafunyulula n'kulisiya. "Sukulu wamaliza. Ntchito yake ndi iti?"

Mwana wawo wamkazi, Chisangalalo, anali atakhala pa katoni kuseri kwa tebulo la mayi akewo, m'mbali mwa Joubert Park ku Joni, pomwe anthu opita ku Park Station ankadutsa ndi mitolo yawo. Anali atangomaliza ku yunivesite maphunziro a kayendetsedwe ka bizinesi.

"Njira zilipo, Amayi. Kuli kubanki. Kuli makampani a masitolo, umawauza poti atsegule sitolo yatsopano. Ndiye kuli olangiza makampani ena zinthu zikamavuta, ngati aja a ku Randburg."

"Zaka zinayi ukuphunzira malonda, sunagulitsepo ngakhale sokosi. Lero ukalangize mabwana?"

"Andifuna okha. Akuti ndiyankhe pofika Lachisanu. Mapepalanso andithandiza kukonza ndi iwo."

Nkhani inagona pa mapepalapo. Pemiti ya sukulu ya Chisangalalo inkatha mu Malichi. Popanda ntchito, chotsala chinali kukwera basi ya ku Malawi.

"Wavomera?"

"Ndikuwerenga kaye kontilakiti. Ndivomera Lachisanu m'mawa."

"Mtengo woyamba? Anakuphunzitsa ndani zimenezo? Ine zaka khumi ndi ziwiri mu Joni muno sindinalandirepo mtengo woyamba. Umakana, n'kutembenuka ngati ukupita. Wokufuna amakuthamangira."

"Awa si mabulangete, Amayi."

"Zonse ndi mabulangete."

Lachitatu masana Chisangalalo anapita kukawatengera mayi ake katundu kuholoselo. Foni anaisiya pa tebulo, poopa otsomphola mumsewu. Sipanapite nthawi, inalira. Anali mayi wina wa kukampani ija, dzina lake Zodwa, ankangofuna kudziwa ngati kalata inafika.

Mayi Agnesi anayankha m'Chizulu chawo cha pamsewu. Anati mwanayo si wotchipa, a kubanki amugwira kale dzanja, ndipo ngati a ku Randburg sawonjezera, asavutike. Atatero anadula foni asanayankhidwe. Zoona zake, kubanki Chisangalalo anangopitako kamodzi kukafunsidwa mafunso, ndipo kuyambira pamenepo kunali zii.

Mayi Agnesi anaika foniyo pamwamba pa mabulangete n'kumadikira. Wogula weniweni sachedwa kubwerera. Inakwana folo koloko. Anamanga katundu, msana ukuwawa, osanena kanthu kwa mwana wawo. Lachinayi lonse maso awo anali pa foni ya mwanayo.

Lachisanu Chisangalalo anatumiza yankho lake lovomera. Isanakwane teni koloko anaima pamaso pa mayi ake, foni ili m'manja.

"Akuti a kunyumba kwathu anawauza kuti ndalowa kubanki. Malo apatsa wina. Amayi, munalankhula ndi ndani?"

"Ndimakukwezera mtengo."

"Anthu anali mazana ofuna malo amenewo. Sathamangira munthu."

"Bwanji sunandiuze?"

"Ndinakuuzani kuti awa si mabulangete."

Lolemba mayi Agnesi sanayale malonda. Anavala diresi la kutchalitchi, awiriwo n'kukwera takisi ya ku Randburg. Anadikira pa mipando yozizira mpaka Zodwa anatuluka. Anali wamng'ono, wongopitirira pang'ono msinkhu wa Chisangalalo.

Kupepesa mayi Agnesi sankakudziwa bwino. Chomwe ankadziwa ndi kutsitsa mtengo.

"Sisi, wolakwa ndine, si mwanayu. Mutengeni. Miyezi iwiri agwire ulere, mumuone. Itatu."

"Mama, sitimatero kuno."

"Inayi. Chakudya ndi thiransipoti ndi zanga."

"Amayi, basi," ananong'ona Chisangalalo.

Zodwa anafotokoza mofatsa kuti winayo anasaina kale. Anati Chisangalalo adzafunsirenso ntchitoyo chaka chamawa, dzina lake alikumbuka. Anawaperekeza mpaka pakhomo.

Mu takisi yobwerera anakhala kumbuyo, opanikizana.

"Za masitolo zija bwanji?" anafunsa mayi Agnesi.

"Anatseka kulemba anthu mu Okutobala."

"Kubanki?"

"Akanandifuna akanaimba."

"Ndiye sukulu yonseyi njira zake zathera pomwepa?"

"Ku Lilongwe kulinso mabanki ndi makampani. Ndikayambira kumeneko. Sindikhala kuno mobisala ngati mbava, ndili ndi digiri."

Mayi Agnesi anayang'ana panja. Nyumba zazitali za ku Hillbrow zinali zitayamba kuoneka, zovala zili pa mawindo. Anafuna kunena kuti ku Lilongwe asakavomere msanga, koma anameza mawuwo.

"Udzakwere basi ya pakati pa sabata," anatero. "Ya Loweruka imadzaza, mumakachedwa pa boda."