Kabotolo Kamene Kanagona ndi Mafirizesi

Yuridia anatulutsa mazira, anatulutsa mkaka, ngakhalenso mbale ya nyemba zadzulo, koma kabotolo sikanaoneke. Malo ake anali pachitseko cha filiji, kuseri kwa majarini, ndipo kwa miyezi khumi ndi inayi mankhwala a ziwengo a mwana wake ankakhala pomwepo.

Linali Lachiwiri, tsiku la jakisoni. Itzel, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anali atavala kale nsapato, atapindanso yekha mkono wa malaya.

"Amayi," Yuridia anaitana apongozi ake, "mwaonako mankhwala a mwanayu?"

A Consuelo anatulukira akupukuta manja, nkhope ili ngwee ngati munthu woyembekezera kuthokozedwa.

"Mtima m'malo, amake Itzel. Dzulo magetsi atazima inu muli kuntchito, ndinati dzuwa la Hermosillo lino liphika mankhwala a mdzukulu wanga. Ndinakabisa pozizira penipeni."

Anatsegula firiza yawo yaikulu, yosungiramo mafirizesi amene ankagulitsa pageti. Pakati pa a bwemba ndi a mango panali kabotolo kaja, katakulungidwa bwinobwino m'kampango. Magetsi anali atayakanso madzulo omwewo, ndipo mankhwala anali atauma gwa.

Yuridia anakatembenuza. Pakapepala panali dzina la Itzel, ndipo m'munsi mwake mawu ofiira: Sungani pozizira, musaumitse. A Consuelo sankadziwa kuwerenga.

"Kodi ndalakwitsa?" anafunsa apongoziwo, mawu atatsika.

"Tiyeni tikamve kuchipatala."

M'basi Yuridia ankangoyang'ana chifuwa cha mwana wake. Asanayambe jakisoniyu, Itzel ankagona chokhala, maso ali psu, m'chifuwa mukulira ngati kamwana ka mphaka. Tsopano ankathamanga mpaka kung'amba masokosi.

Namwino wa kuchipinda cha ziwengo, a Leticia, anakweza kabotolo m'mwamba n'kupukusa mutu.

"Akauma, afa. Mwana sitingamubaye awa."

"Ndiye tipatseni kena."

"Mayi, si mankhwala a mutu awa oti tingotapa pashelefu. Amasakanizira mwana wanu yekha: fumbi la m'nyumba, mungu wa mitengo, ubweya wa mphaka, pa muyezo umene iye wafikapo. Pa inshuwalansi ya kuntchito kwa amuna anu simulipira kanthu, koma mzere wa osakanizitsa ndi wautali. Masabata asanu."

"Nanga akadikira masabata asanuwo?"

"Thupi limaiwala. Timabwerera ku muyezo wofooka, n'kuyambanso kukwera pang'onopang'ono. Ndipo mphepo ya fumbi ija yayandikira."

"Kwina kulibe?"

A Leticia anatsitsa mawu. "Dokotala wolipira amasakaniza m'masiku atatu, mukamupatsa pepala la muyezo limene ndikulembereni. Koma kopanda inshuwalansi ndi mapeso 1,600."

Kumalo ochapira zovala kumene Yuridia ankasita, ndalama imeneyo inali thukuta la sabata yathunthu.

Atatuluka anakhala pabenchi, pamthunzi. Itzel ankadumphadumpha pamizere ya simenti. A Consuelo ankapotokola kampango kaja.

"Mwana wa a Lupita, oyandikana nafe aja, amabayitsanso," anatero potsiriza. "Bwanji tikabwerekeko pang'ono, monga timachitira ndi shuga? Tidzabweza athu akabwera."

Yuridia anayesa kudzigwira, koma chiseko chinamupulumuka.

"Uja amadwala ndi ubweya wa galu, amayi. Mukufuna Itzel ayambe kuuwa?"

A Consuelo anaseka nawo, koma chisekocho chinathera m'misozi.

"Madzi akatayika saoleka, mwanangu, koma awa wataya ndine. Ndinati ndikupulumutsa mwana. Mwamuna wanu Eliseo akabwera kuchokera kufakitale ndimuuza ndekha kuti mayi ake ndi mbuli."

Yuridia anayang'ana pansi. Iye anasiya sukulu ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ali woyembekezera, n'kulowa m'nyumba imene chilichonse chinali ndi mwini wake: mapoto, makatani, ngakhale kaphikidwe ka nyemba. Kabotolo kaja n'kokhako kamene iye ankakadziwa kuposa wina aliyense, ndipo ankakasunga ngati chuma.

"Mbuli ndine," anatero. "Miyezi yonseyi ndimangoti musakhudze, musakhudze. Tsiku ndi limodzi lomwe sindinakuwerengereni zolembedwapo. Mukanadziwa bwanji? Bambo ake a Itzel tiwauza tonse, kuti tinaumitsa tili awiri."

"Ndiye titani?"

"Tilipira. Dzina lake likhalebe pamzere wa inshuwalansi, kabotolo kotsatira kadzakhale kaulere. Ka panopa tigula. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndili ndi ndalama ija ndimasungira fani yatsopano. Yakaleyo ilirabe mwezi wina, siifa."

"Yokhayo siikwana."

"N'chifukwa chake muli ndi firiza, amayi. Mawa ndi mkuja kuli mpira kubwalo la ana. Inu muzipanga, ine ndizikuwa."

"Inu kukuwa? Ndi kamawu kanu ka m'tchalitchi ako?"

"Mudzandimva."

Itzel anabwera chothamanga n'kugwera pamiyendo ya agogo ake. "Agogo, a bwemba musagulitse onse."

Masiku awiri khitchini inanunkhira bwemba ndi mango, zala za a Consuelo zitatupa ndi kumanga timapepala. Kubwalo Yuridia anakuwa mpaka mawu anasasa. Eliseo atamva nkhaniyo anakanda mutu, anayang'ana mayi ake, anayang'ana mkazi wake, n'kunyamula bokosi la mafirizesi.

Lachisanu masana mlembi wa dokotala wolipira anawapatsa kabotolo katsopano, Itzel atabayidwa kale, thonje lili pamkono. Yuridia anakagwira pamaso pa apongozi ake, chala chili pa mawu ofiira.

"Awa akuti pozizira. Awa akuti musaumitse. Magetsi akazima, musatsegule filiji, basi. Akachedwa kuyaka, kalowe m'fulasiki iyi, ayezi pansi, kansalu pakati."

"Pozizira. Musaumitse," anabwereza a Consuelo, akutsatira ndi chala chawo.

Basi itafika, Yuridia anatseka fulasiki n'kuwapatsa.

"Gwirani ndinu. Ine ndinyamula mwana."

A Consuelo anaifungatira pachifuwa ulendo wonse, ndipo wina akawagunda ankamuyang'ana ndi diso loopsa. Kunyumba anatsegula okha filiji, anasuntha majarini, n'kukhazika kabotolo pamalo pake.