Thadzi la chinkhoswe cha Ruby

"Gwirani bwino apo, mayi a Ruby, maso asapite kwina," anatero a Obed akukhomera waya pa mzati womaliza.

Mayi Joice anagwira, koma maso anali pa thadzi lakuda limene linkapalasa pafupi ndi mpopi. Pa nkhuku zonse zimene ankaweta kuseri kwa nyumba yawo m'komboni ya Sakubva, likongwe, kanyama kofiirira kaja, anali atangosiyapo thadzilo ndi kamsoti kamodzi. Chikhalirecho Loweruka kunali chinkhoswe cha mwana wawo Ruby. Akuchimuna, anthu achishona, anali atavomera kubwera ndi tambala kuti adzasinthane ndi thadzi monga amachitira Achewa, ndipo amene anaumirira zimenezi anali a Joice omwewo. Ndiye akapereke nkhuku yoyera ya m'sitolo, yosadziwa n'kupalasa komwe? Manyazi akanawapha. Thadzi lakudali linali mbewu ya malemu mayi awo, yochokera ku mafamu a ku Burma Valley.

Kunena zoona, a Obed anagwira ntchito. Waya wa maso aang'ono anakagula ku masitolo a ku Paulington, n'kuukwirira pansi mpaka m'mawondo kuti chokumba chisadutse. Pamwamba anafolera malata, kabawi azingoyang'ana. Pakona, m'kati mwa kholalo, anasiya mulu wa matabwa akale a njanji amene anabwera nawo popuma ntchito.

"Tachotsani zimatabwa zanuzo, zatikwana," anatero a Joice.

"Amenewo sakhudzidwa. Unyamata wanga wonse unathera pa njanji. Nkhuku zizikwerapo. Khola ili, mayi, ngakhale njoka ibwerera pakhomo."

M'mawa mwake, pochokera ku msonkhano wa amayi kutchalitchi, a Joice anapeza kamsoti kali gone m'kholamo, khosi lolumidwa. Chitseko chinali chotseka, waya ali bwinobwino. Mtima unawawa, koma sanalire. A Obed anazungulira khola akupukusa mutu.

"Pali dzanja la munthu apa. Nsanje yachuluka mu mzere uno."

"Tisathamangire kunamizira anzathu," anayankha a Joice.

Anatenga thadzi n'kulivindikira ndi dengu m'khichini. Kenako anapala phulusa, n'kuliwaza kunja kuzungulira khola lonse, lina m'kati. Mayi awo ankatero ku mafamu akafuna kudziwa njira ya mbava ya miyendo inayi.

Dzuwa litapendeka anaitana amuna awo. Phulusa la kunja linali losalala monga analisiyira. La m'kati linali ndi timapazi tochokera pansi pa matabwa a njanji, kuzungulira chomwera, n'kubwerera komweko.

"Bambo a Ruby, mwamanga bwino zedi, sindikukana. Koma chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Wakubayo mwamumangira mpanda, ndiwo mwamuikira pakhomo."

A Obed anayang'ana timapazito nthawi yaitali. Anavula chipewa, n'kuchivalanso.

"Kaitaneni a Taison," anatero motsitsa mawu.

A Taison, oyandikana nawo nyumba, anabwera ndi chitsulo chotukulira. Atangosuntha thabwa lapansi, likongwe anatuluka ngati mwala wa legeni, kudutsa pakati pa miyendo ya a Obed, ulendo wa ku ngalande. Pansipo panali una, nthenga zili mbwee pakhomo pake. A Obed anautseka ndi miyala ndi simenti, thadzi n'kubwerera m'khola. Matabwa atatulutsidwa panja, a Obed anaima pambali pake ngati munthu woperekeza maliro, ndipo a Joice anawamvera chisoni.

"Musawataye," anatero. "Mipando yatichepera. Ayaleni pansi pa mango, alendo adzakhalepo."

Loweruka ankhoswe a mbali zonse anakhala pa matabwawo. A Obed ankauza aliyense wofika kuti wakhalira njanji ya ku Beira. A Joice anatuluka m'khola atakumbatira thadzi lakuda, lamoyo, likuphupha, n'kulipereka m'manja mwa mlongo wawo, nkhoswe ya Ruby.