Zala Zitatu pa Khomo la Galaja

Ottilia sankakhulupirira chinthu asanachiyeze ndi dzanja. Nsomba youma pamsika wa Katete ankaigoneka pachikhatho, chitenje ankachiyenda ndi zala, ngakhale mwana wa mnansi akabwera kudzapereka moni ankamuika dzanja pamutu kuti aone ngati wakula. Chizolowezichi anatengera atate ake, malemu a Solomoni, makanika amene ankati tepi imasowa koma dzanja silisowa.

Choncho sabata imene ankakweza galimoto ya atate akewo, anayeza chilichonse. Inali pikiapu yakale yokoka ndi mawilo onse anayi, yolimba ngati mtondo koma yotopa msana. Masipuling'i ake anali atagona, mimba yake inkakhula pansi ikangoona dzenje. Gulu la amayi olima nshawa ku Vubwi linali litamuuza mosabisa: ngati uli ndi galimoto yodutsa msewu wathu m'dzinja, ntchito yonyamula mbewu ndi feteleza ndi yako, koma ufike Lolemba, apo ayi tipatsa wina.

Masipuling'i atsopano ndi mashoko aatali anabwera pa basi kuchokera ku Lusaka. Ottilia anaimika galimoto pamajeke m'galaja ya atate ake, nagona pakatoni pansi pake. Mabawuti adzimbiri anawanyowetsa ndi oilo, ena anamvera, ena anachita kuwaotcha. Dothi lofiira la misewu ya kalekale linkamugwera m'maso. Paipi ya mabuleki anaiyeza ndi zala, naona kuti galimoto ikatalika idzaduka, ndiye anaikapo yaitali. Loweruka masana anatsitsa majeke, ndipo pikiapu ija inaima njii ngati nkhunzi yokhuta. Pakati pa tayala ndi thupi lake pankalowa zikhatho ziwiri.

Analiza injini, nayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Kunamveka gu! Fumbi la simenti linagwera pagalasi.

Anatsika n'kuyang'ana m'mwamba. Kaliyala yachitsulo, imene atate ake anawotcherera pamwamba pa bodi, inali itagunda mtanda wa konkire wa pakhomo. Anali atayeza zonse, koma khomo lomwe ankalowapo tsiku lililonse kuyambira ali mwana sanaliyeze.

Amalume ake, a Evaristo, anali atakhala pa tayala lakale panja. Kuyambira pamaliro ankabwera tsiku ndi tsiku kudzaona kuti galaja sinatsekedwe, ndipo za ku Vubwi sankafuna kuzimva. Anaseka mpaka anavula chipewa.

"Walira mvula walira matope, mphwanga. Unafuna italike, yatalika. Manje izikhala m'nyumba ngati namwali."

"Ituluka, amalume."

"Ituluka bwanji? Udula kaliyala ya atate ako, kapena ugumula khomo la atate ako? Sankha. Ine ndikuona kuti mwini wake wakana. Khala kuno, uzikonza magalimoto a anthu monga iye."

Ottilia anatenga nyundo yaikulu, naima pansi pa mtanda uja. Pakonkirepo panali chidindo cha chikhatho cha atate ake, chimene anasindikiza simenti ikadali yaiwisi. Anachiyang'ana nthawi ndithu. Mwina amalume sankanama. Munthu amene anamuphunzitsa kugwira sipanala sanamuuzepo kuti achoke. Komanso sanamuuze kuti akhale. Anaika nyundo pansi.

Anaphwetsa matayala onse anayi mpaka anagona ngati achule. Anakwera pampando, nayeza pakati pa kaliyala ndi mtanda. Zinatsala zala zitatu kuti idutse.

"Zitatu chabe, koma ndi zitatu," anatero a Evaristo mokondwa.

Kutsidya kwa mpanda, kutchalitchi, amayi a Chigwirizano ankaphunzira nyimbo za Lamulungu, mapazi awo akugunda pansi mpaka malata a galaja ankanjenjemera. Ottilia anamvetsera, kenako anayang'ana masipuling'i ake atsopano aja. Chitsulo chimene chimakweza galimoto yopanda kanthu chimagonjanso chikasenza katundu. Anapukuta manja pa ovololo n'kudumpha mpanda.

Anabwerera ndi gulu lonse, patsogolo pali amake Given, mtsogoleri wa nyimbo, mayi wathupi amene makondakita a minibasi ankachita naye mantha.

"Ati chiyani, iwe Ottilia? Watiitana kuti tikhale matumba a feteleza?"

"Ayi, amama. Feteleza saimba."

Amayi anaseka, nayamba kukwera. Koma galimoto inali itatalika, ndipo aliyense anafunika kukankhidwa. Zitenje zinamasuka, nsapato zinagwa.

"Amake Mercy, inu tsikani, mulibe phindu. Mukulemera ngati nkhuku yodwala chitopa," anatero mayi wina.

"Nanga ndinu munadya gawo langa pa chikwati chija!"

Ottilia ankayendayenda m'mbali, dzanja lili m'mwamba. Zala ziwiri. Chala chimodzi. Amake Given anakwera pomalizira, nakhala pamwamba penipeni pa mawilo akumbuyo. Masipuling'i analira, kaliyala inatsika, koma nsonga ya bawuti imodzi inkakhudzabe konkire.

Amayi onse anatembenukira kwa a Evaristo.

"A Evaristo, mimba imeneyo mukuisungira ndani?" anafunsa amake Given. "Kwerani. Kapena mukufuna tikanene kutchalitchi kuti mwana wa mlongo wanu munamukaniza njira chifukwa cha bawuti imodzi?"

A Evaristo anayang'ana mphwawo, nayang'ananso chikhatho chija pamtanda. Anang'ung'udza kuti akazi a masiku ano alibe mwambo, koma anavala chipewa, napereka dzanja. Amayi awiri anawakoka ngati thumba la chimanga.

"Mitu pansi nonse!" anakuwa Ottilia, nalowa m'galimoto.

Amake Given anayambitsa nyimbo ali chiweramire. Pikiapu inasuntha ngati fulu, matayala akupwatika, amayi akuvomera nyimbo m'maondo mwawo. Kaliyala inadutsa pansi pa mtanda osakhudza ngakhale ulusi wa kangaude. Dzuwa litagwera pabodi, nthungululu zinamveka mpaka kumsewu waukulu, ndipo anthu a njinga anaima kuti aone ukwati wake ndi wa yani.

Amayi atatsika ndipo matayala atapopedwa, galimoto inadzuka, yaitali kuposa khomo limene inatulukira. Ottilia anaikweza pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, wilo limodzi m'mwamba, nasuzumira pansi. Paipi ya mabuleki inali ndi mpata. Mimba sinakhudze dothi.

A Evaristo anaima pakhomo la galaja, natambasula dzanja kuyeza okha, akupukusa mutu.

"Ndiye izigona kuti? Muno silowanso iyi."

"Sikuti ikufuna kulowanso, amalume."

Ottilia anawapatsa makiyi a galaja. Iwo anawaponya m'thumba, kenako anati, "Pa mlatho wa matabwa wa msewu wa ku Vubwi uzitsika kaye, uyeze."

Madzulo a Lamulungu mitambo yakuda inali itaunjikana chakum'mawa. Ottilia analongedza m'chikwama maovololo awiri, chitenje, bulangete ndi masipanala okulungidwa m'nsanza. Chikwamacho anachiika pampando wakutsogolo. Kuti akwere, anachita kugwira chitseko ndi kudzikoka.