Chipewa Chonyowa cha Adada

Mwamuna wanga Haswell ndi munthu wabwino, koma ubwino wake ndi uja wothyola mwendo wa mpando pofuna kuupukuta. Ndikunena ndine mkazi wake, Linah, amene ndakhala naye zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri kuno kwa Mwase Lundazi, ndiye palibe angandiuze za iye.

Chaka chimene anabwera kudzakhala pamudzi pathu ngati mkamwini, Adada anga, a Danwell, anali ndi chipewa chimene ankachikonda kuposa ife ana awo. Chinali chaubweya, chotuwa, cha riboni yakuda, ndipo anachigula ku Kitwe adakali mnyamata wa m'migodi. Ankachivala Lamlungu ndi popita ku boma basi. Tsiku lina anachiika pampando panja kuti chipitidwe mphepo, iwo n'kupita kudimba. Haswell, pofuna kuonetsa khama, anaona thukuta la zaka makumi anayi pa riboni paja n'kumva chisoni. Anawiritsa madzi, n'kuponyamo chipewa ndi sopo, kenaka n'kuchichapa pamwala monga tichapira matewera. Atachiyanika padzuwa chinakwinyika n'kutsala kachisa ka mpheta.

Adada sanakalipe. Bola akanakalipa! Anakatola kachipewako, n'kukayang'ana uku ndi uku, n'kukakoleka pamsomali m'nyumba mwawo. Kuyambira tsiku limenelo sanayankhulenso ndi Haswell ngakhale liwu limodzi. Akafuna kumuuza kanthu ankadzera mwa ine: "Linah, uza mwamuna wako kuti ng'ombe zalowa m'munda." Apo Haswell ali pomwepo, maondo ake atatsala pang'ono kugundana ndi awo. Tsiku lina ine kulibe, anthu anawamva akuuza galu wathu kuti akauze mbuye wake abweze nkhwangwa.

Anthu ankaseka, inenso ndinkaseka, koma Haswell zinkamupweteka. Anapepesa ndi nkhuku, anapepesa ndi mbuzi. Adada ankalandira bwinobwino n'kunena kuti, "Linah, uza mwamuna wako kuti yewo."

Ndiye chaka chino m'mwezi wa Febuluwale Adada anagwa kubafa, n'kukagona kuchipatala sabata ziwiri. Anatuluka atatha, akuyendera ndodo, ndipo adokotala anatiuza mosabisa kuti mtima wawo watopa. Tsiku limene tinabwera nawo kunyumba, Haswell anakhala pakhonde osakhudza chakudya.

"Amake Miriam," anatero, "akuluwa akapita asanandiyankhule, ine pamaliro ndidzakhala ngati ndani? Ndidzalira ngati mwana wawo kapena ngati munthu wodutsa?"

 Ndinamumvera chisoni kwambiri.

Chisonicho sichinachedwe kutha, chifukwa sabata yotsatira munthu uja anayamba kukhalira pachulu cha kuseri kwa khola, pamene pamagwira netiweki. Mmawa pachulu, masana pachulu, maso ali pafoni, akumwetulira yekha. Ine mumtima ndinati, ehe, kwabwera kamkazi. Tsiku lachinayi ndinakwera chulucho mwakachetechete n'kutsomphola foni ija. Mayo ine, zipewa! Zipewa zokhazokha, zakuda, zofiirira, zotuwa, kutsika nazo mpaka chala kutopa.

"Izi ndi chiyani, atate ake Miriam?"

"Salaula wa pa intaneti," anatero. "Kunja uko kuli anthu ogulitsa zipewa zakalekale, zimene anasiya agogo awo."

"Zipewa za anthu akufa?"

"Nanga jekete lanu la ku boma lija mwini wake munamuona?"

Apo anandigwira. Kenaka anandionetsa chimodzi. Chinali chomwecho cha Adada, kutuwa kwake, riboni yake, ngakhale chizindikiro cham'kati chinali chofanana ndi cha kachipewa ka pamsomali kaja. Vuto linali limodzi: wogulitsayo ankafuna kudziwa kukula kwa mutu. Tsono mkamwini angapite ndi chingwe kukayeza mutu wa apongozi ake? Angayambire pati? Haswell anayamba kundiyang'ana pamwamba pa nsidze.

"Musandiyang'ane choncho," ndinamuchenjeza.

Koma zoona ndi zoona. Ine ndinatengera mutu wa Adada. Kusukulu ankanditcha Chimutu, ndipo mpaka lero duku la anzanga kwa ine silifika pomanga. Chisoti choluka cha Adada, chimene amavala kukazizira, ndinachiyesapo pochichapa ndipo chinandikwana ndendende. Ndiye ndinagwada pachulu pomwepo, mwamuna wanga n'kundizunguliza mutu ndi chingwe chomangira fodya, ng'ombe zikutiyang'ana.

Chipewacho chinayenda miyezi iwiri. Chinafikira kwa mlamu wanga ku Lusaka, iye n'kuchikweza basi. Anyamata a basi, Mulungu awakhululukire, anaika katoni yake pansi pa matumba a anyezi. Haswell anakachitenga ku boma panjinga, akuimba njira yonse, koma titatsegula katoni nyimbo inathera pakhosi. Chinali chaphwatalala ngati chule wopondedwa ndi thirakitala, chouma gwa ngati chikopa.

"Musade nkhawa," anatero atapuma kaye. "Ine ndine mlimi wa fodya. Chouma chilichonse chimafewa ndi mame."

Unali mwezi wa Epulo, chigafa chathu chili chodzaza ndi fodya wouma. Alimi amadziwa kuti tsamba louma sulikhudza masana, lingafumbutuke. Umadikira chinyezi cha mmawa kuti lifewe. Ndiye Haswell anachimanga chipewa chija pakati pa masamba, n'kuchisiya masiku awiri. Chinafewadi pang'ono, sindinganame, koma chinali chikhalirebe chaphwatalala, chikununkha fodya, ndipo kangaude anali atayamba kale kumangamo.

Anabwereranso pachulu, n'kutsika ndi kanema wa mzungu wina wandevu akufukiza chipewa pa nthunzi ya ketulo. Haswell ankafuna kusonkha mbaula m'chigafa momwemo kuti Adada asaone. Ndinamufunsa ngati akufuna kuti mudzi wonse usute fodya wathu tsiku limodzi. Tinakasonkha kuseri.

Apa ndiye ndinaona zodabwitsa. Nthunzi itangochilowa, chipewa chija chinayamba kudzuka pang'onopang'ono, makwinya n'kumatha, ubweya n'kumafewa m'manja. Haswell anavina. Koma mzungu wa pa kanema anali ndi mutu wosema wamtengo wovekapo chipewa kuti chiumire bwino, ife tinalibe. Tinachiveka poto, chinauma ngati poto. Tinachifukizanso n'kuchiveka dzungu, chinatuluka ndi mizere yonse ya dzungu, moti ukanachiika m'munda mbuzi zikanachiluma. Tinaonanso kanemayo mpaka kumapeto, ndipo wandevu uja anati ngati mulibe mutu wosema, chivaleni chidakali chonyowa, mukhale pamthunzi, osachivula mpaka chiume.

Haswell anandiyang'ananso pamwamba pa nsidze.

Linali tsiku Lachinayi, tsiku limene ife amayi a Umanyano timakumana kutchalitchi. Mmalo movala bulauzi yanga yoyera, ndinakhala pa ndowa yovundikira m'chigafa, chipewa chachimuna chonyowa chili pamutu, chofunda ngati mwana wakukodzera. Haswell anakonza kadzenje ka pamwamba ndi zala zake, n'kupinda m'mphepete monga anaonera pafoni, kenaka n'kundipatsa malamulo. Osagwedeza mutu. Osakanda. Osatuluka padzuwa. Iye n'kunyamula chigubu kukatunga madzi ena a m'ketulo.

Inu, mutu umayabwa ukadziwa kuti sungaukande! Thukuta linkatsikira m'makutu, fodya akundiyetsemulitsa, ine ndikuyetsemula mosamala ngati wanyamula mazira pamutu. Ndili choncho ndinamva mawu panja.

"Odi kuno! Monire, amake Miriam, kodi lero simu..."

Anali amayi Tryphena, mtsogoleri wathu wa Umanyano, atavala zoyera zawo, Baibulo lili m'khwapa. Anaima pakhomo pa chigafa kukamwa kuli yasa. Amayi amenewa nkhani ikawalowa m'khutu siigona, imatulukira pakamwa nthawi yomweyo, ndiye sindikanawauza chinsinsi chathu.

"Ndikumva mutu, amama," ndinatero, khosi lili chiwongokere.

"Mutuwo ndikuuona," anatero. "Nanga chipewacho n'cha yani?"

"Mwini wake anamwalira."

Ndinangoona kuti ndalakwitsa mawu atatuluka kale. Anayang'ana ine, anayang'ana utsi wa mbaula kuseri, anayang'ana dzungu ndi poto zili pansi, n'kubwerera chammbuyo osatsanzika. Pasanathe ola, mudzi wonse unali utamva kuti Linah wapenga, wavala chipewa cha munthu wakufa, ndipo mwamuna wake akumufukiza mankhwala. Kutchalitchi anandiika pamapemphero.

Kenaka ndinamva ndodo: go, go, go.  Adada anali asanapitirirepo khonde lawo chitulukire m'chipatala, koma tsiku limenelo anayenda mudzi wonse kudzaona mwana wawo wamisala. Anaima patsogolo panga akupuma mwabefu. Nthawi yomweyo Haswell anatulukira ndi chigubu chake, ndipo atawaona anagwada pansi, madzi n'kumukhutukira pabuluku.

Adada anayang'ana chipewa chija nthawi yaitali. Anatambasula dzanja, n'kuchizula pamutu panga, n'kuchitembenuza. Anawerenga chizindikiro cham'kati. Anachinunkhiza n'kukwinya mphuno. Kenaka anachivala, ndipo chinakhala pamutu pawo ngati chinabadwira pomwepo. Ine ndinayamba kale kukonzeka kululutira.

Anachivulanso.

"Linah," anatero, "uza mwamuna wako kuti kadzenje aka ndi ka anthu oweta ng'ombe a m'mafilimu. Munthu waulemu savala chotere."

Apa ndiye ndinaphulika. Maola atatu pa ndowa, mutu ukuyabwa, mudzi wonse ukunditcha wamisala, ndiye ati uza mwamuna wako?

"Adada, pepani, koma ine ndatopa. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala mtengatenga wanu. Munthu ndi uyu wagwada apayu, makutu ali nawo awiri. Miyezi iwiri sanagone tulo chifukwa cha chipewa chanuchi. Ine sindinenanso kanthu." Ndinadzuka pa ndowa paja, n'kupinda manja, n'kutseka pakamwa. Chibadwire sindinawayankhepo choncho.

Adada anandiyang'ana, n'kuyang'ana kumbali, nsagwada zili gwa. Anaika chipewa pa ndowa n'kutembenuka kuti azipita. Ndinaona nkhope ya Haswell ikugwa, ndipo ndinadziwa kuti zatha, talephera.

Koma mwamuna wanga ndi mwamuna wanga. Anadzuka, n'kutola chipewa chija, n'kuthamangira nacho kuseri kuti akakonze kadzenjeko Adada asanafike patali. Anakupiza mbaula mpaka ketulo inayamba kulira, ndipo chifukwa cha changu anakanikiza chipewacho pakamwa penipeni pa ketulo, madzi owira akuthovokera pa ubweya. Adada anacheuka atamva kulira kwa ketulo.

"Apongozi! Chotsani pamenepo! Mukufuna kuphanso china?"

Mudzi wonse unakhala ngati waima. Haswell anauma chiimire, chipewa chili m'manja. Adada anali akubwera kale, ndodo ikungokhudza pansi mwa apo ndi apo.

"Kwezani m'mwamba! Nthunzi yokha, osati madzi! Kodi inu manja anuwa ndi a khasu basi? Tembenuzani pang'onopang'ono. Ayi, uko ayi, kuno! Ife ku Kitwe tinkachita zimenezi Loweruka lililonse, popanda foni. Linah, mpando."

Ndinathamanga kukatenga mpando. Pobwera ndinapeza Adada atagwira dzanja la Haswell, akumuika zala pamwamba pa chipewa, chachikulu uku, ziwiri uku, n'kumamuonetsa potsina. Haswell misozi inali chuchuchu, ikutsikira m'ndevu, osaipukuta n'komwe.

"Nanga mukulira chiyani, apongozi? Mwapsa?"

"Iyayi, adada."

"Ndiye gwirani bwino. Munthu wamkulu ngati inu kuchapa chipewa ndi sopo! Kwanu kunalibe akulu okulangizani?"

"Analipo, adada."

"Analipo! Ndiye ankakulangizani chiyani?"

Anamukalipira za sopo, za madzi otentha, za mwala wochapira, za dzuwa, zonse zimene anazisunga zaka zonsezi, ndipo Haswell ankangoti inde adada, zoona adada, nkhope ikuwala ngati akumuyamikira. Amayi a Umanyano anafika ndi nyimbo kudzandipempherera, n'kupeza wamisala uja atakhala pa ndowa akukanda mutu ndi manja onse awiri, akuseka uku akulira. Anaima patali osadziwa kuti ayambire pa yani.

Patapita nthawi kadzenje kanakhala bwino, m'mphepete namo munagona monga Adada ankafunira. Anachiyang'ana n'kugwedeza mutu, mawu n'kuwathera, ndipo anayamba kufufuza ndodo yawo kuti adzuke. Pamenepo ndinaona ndi maso angawa Haswell akutsitsa chala mwakachetechete n'kupinda m'mphepete mwa chipewa molakwika, mwadala.

"Aaa, apongozi, mwatani kodi? Tabweretsani kuno," anatero Adada, n'kukhalanso pansi. "Onjezani makala, tiyambirenso."