Madzi a Kuseri kwa Mzikiti

Madzi ankatha msanga mumtsuko wa Zaina, ndipo zimenezi zinkamupweteka mtima. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Chitsime cha m'mudzi mwawo, kufupi ndi Nsanama, chinali chitakwiririka ndi mchenga wotsika m'phiri, poti mitengo ya kumeneko anthu anaimaliza ndi kuotchera njerwa. Zaina ankalawirira kukatunga kudambo, n'kubwerako khosi litauma gwa.

Tsiku lina wakuba madziwo anagwidwa. Anali mwana wake yemwe, Lukiya wa Sitandade 5, akuzemba ndi kachitini ka madzi kulowera kuseri kwa bafa. Zaina anamutsatira mwakachetechete. Kumeneko anapeza zitini zakale zili ndandanda, m'chitini chilichonse muli kambande ka mtengo.

"Iwe Lukiya, ine ndizithyoka khosi kuti iwe uzimwetsa masamba?"

"Amama, ndi mbawa ndi msangu. Aphunzitsi anati tikabzala m'phiri, mchenga usiya kutsikira pachitsime. Njere zake tinatola tokha ndi anzanga."

"Iyayi. Zimenezi zithe lero. Ndikazipezanso mawa zitinizi, zikagona kudzala."

Misozi inalengeza m'maso mwa Lukiya. Kunena zoona Zaina sanali mayi wankhanza, kungoti anali atatopa.

Kuseri kwa mpanda kunali a Uladi, amene ankaitana anthu kukaswali pamzikiti. Kale anagwirako ntchito kunkhalango ya boma, ndipo khutu lawo silinkaphonya nkhani ya pakhomo la mnzawo. Chakumadzulo anatulukira.

"Amake Lukiya, mwanayu musamugwetse mphwayi. Phiri lija tinalimeta ndife akuluakulu. Iyeyu akungofuna kukonza zomwe tinaononga."

"Nanga madzi ndiwatenga kuti, a Uladi? Akumwa omwe akutivuta."

"Tiyeni mukaone nokha."

A Uladi anamutengera Zaina kuseri kwa mzikiti, pamene abambo ankasamba m'manja, kumaso ndi m'mapazi asanalowe kukaswali. Aliyense ankabwera ndi ketulo yake, ndipo madziwo ankangoyenderera pansi n'kupanga chithaphwi chomwe abakha ankasangalalamo.

"Madzi awa timawataya kasanu pa tsiku," anatero a Uladi. "Sopo mulibe. Ndiye mtengo sufunsa ngati madzi asambitsa mapazi a munthu."

Zaina anaseka, kenako manyazi anamugwira. Iye ankadutsa pamenepa tsiku ndi tsiku, koma ankangoonapo matope. Mwana wake anali ndi nzeru yabwino, chomusowa chinali munthu womumvera basi.

M'mawa mwake Zaina anatulutsa mtsuko wake wakale wobenthuka kukamwa n'kuupereka kwa Lukiya. Lukiya ndi anzake anaukwirira pansi kuseri kwa mzikiti, n'kukumba kangalande kotsetserekera mumtsukomo. Zitini zonse anazisamutsira pamenepo n'kuzitchingira ndi minga chifukwa cha mbuzi. Anabweranso ana a kutchalitchi, a m'kalasi la Lukiya, aliyense ndi chitini chake. Abambo nawo anayamba kusambira pa ngalande penipeni, ndipo ena ankatsuka mapazi mofatsa kuposa kale, ati kuti mitengo ya ana imwe.

Mu Januwale, a tcheyamani a chipani atalengeza za tsiku lobzala mitengo, mudzi uno sunadikire mbande za boma. Ana anakwera phiri atasenza zawozawo, Zaina ali pambuyo ndi khasu. Pa Sabata la Achinyamata anatchinga zigwembe ndi miyala, makolo n'kuthandiza kuchotsa mchenga m'chitsime.

Mitengo siikula tsiku limodzi. Ina inauma, ana n'kubzalanso. Koma pomwe Lukiya ankapita kusekondale ku Balaka, phiri linali litabiriwira, ndipo chitsime chinkasunga madzi mpaka mvula yoyamba. Zaina anaiwala njira ya kudambo.

Tsiku lina anapeza chitsirizira chake, Mohamedi, akuzemba ndi kachitini kulowera kuseri kwa bafa. Mwanayo anaima, kudikira kukalipiridwa. Zaina anamulanda kachitiniko, n'kukadzaza yekha mpaka pakamwa.

"Tenga. Ukandionetsenso zomwe wabzalazo."

Makolo, mwana akayamba kanthu kothandiza mudzi, tisathamangire kumuletsa. Timufunse, timumvere, ndipo timuthandize kupeza njira. Madzi amene Zaina akumwa lero anachokera m'kachitini kamene ankafuna kukataya kudzala.